Opaleshoni ya loboti pa phapo lomwe linawotchedwapo kale: chimasintha n'chiyani?

Wophunzira_Chifuwa

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru pa nkhani yomwe mabuku ambiri amangoikhudza pang'ono n'kudutsa.

Opaleshoni ya loboti yochotsa khansa ya m'mapapo imayamikiridwa chifukwa mabala amakhala ang'onoang'ono ndipo wodwala amadzuka msanga. Koma zambiri zolembedwazo n'zokhudza chifuwa choti sichinakhudzidwepo. Nanga chifuwa chomwe chinawotchedwapo kale ndi radiyeshoni?

Tiyerekeze odwala awiri. Woyamba ndi mayi wa zaka 66 amene anasiya fodya kalekale. Zaka 15 zapitazo anawotchedwa bere lakumanzere chifukwa cha khansa. Pano ali ndi chotupa chatsopano cha masentimita 2.8 mu lobe yapamwamba ya phapo lakumanzere (lobe ndi chigawo chachikulu cha phapo). FEV1 yake (mpweya womwe amatha kutulutsa m'sekondi imodzi) ili pa 62 peresenti ya mlingo woyembekezereka, DLCO (mmene mpweya umalowera m'magazi) pa 51. Wachiwiri ndi bambo wa zaka 59 amene analandira kemo (mankhwala a khansa) pamodzi ndi radiyeshoni ya 60 Gy (Gy ndi muyezo wa mlingo wa radiyeshoni) miyezi 14 yapitayo, pa chotupa cha lobe yapamwamba yakumanja chomwe chinali chitafika kale m'timwanabere ta pakati pa chifuwa. Tsopano chotupacho chayambanso kukula pamalo omwewo, koma kwina konse m'thupi sikukuoneka kanthu.

Kodi onsewa n'ngoyenera loboti? Tiyeze chiyani tisanalonjeze kanthu? Ndipo tikalowa mkatimo, ndi pati penipeni pomwe zinthu zimasokonekera?

Wa_Radiyeshoni

Musanafike pa za loboti, kaitanitseni pulani ya radiyeshoni yakaleyo. Sindikunena kalata yachidule yongoti "analandira 60 Gy" ayi, koma zithunzi zenizeni zosonyeza pomwe mlingo waukulu unagwera, kuti muziike pamwamba pa CT yatsopano. Mawu oti "anawotchedwapo pachifuwa" amabisa zinthu zosiyana kwambiri, ndipo odwala anu awiriwa ndi umboni wake.

Powotcha bere, cheza chimadutsa chopendekeka. Chimakhudza khungu, nthiti, chikutiro cha phapo ndi kachigawo ka phapo ka kutsogolo, ndipo kumanzere chimanyambitanso kutsogolo kwa mtima. Ngati anawotchanso pamwamba pa fupa la m'khosi, nsonga ya phapo nayo inapsa. Koma tsinde la phapo, pomwe pali mitsempha ikuluikulu ndi bronchus (njira yaikulu ya mpweya yolowa m'phapo), nthawi zambiri limapulumuka. Choncho kwa mayiwa yembekezani phapo lomatirira ku nthiti, koma tsinde labwinoko. Kwa bambowa n'zosiyana: tsinde lenilenilo ndi lomwe linalandira mlingo wonse.

Chimene cheza chimachita n'kuwononga mkati mwa timitsempha tating'onoting'ono ta magazi. Timakhuthala, timatsekeka, mnofu n'kuyamba kulandira magazi operewera, kenako thupi n'kuyalapo chipsera. Kutupa kwa phapo kobwera ndi radiyeshoni kumaoneka pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6. Chipsera cholimba chimayamba cha m'mwezi wa 6 ndipo chimatha kupitirira kukhwima mpaka zaka 2. N'chifukwa chake opaleshoni yokonzekeratu pambuyo pa 45 Gy imachitika pakangotha masabata 4 mpaka 6, kutupa kutachepa koma chipsera chisanagwire. Pa miyezi 14 mpata umenewo unatsekeka kalekale.

Nambala yoti muziikumbukira ndi ya kafukufuku wa INT 0139 yemwe anasindikizidwa mu 2009. Odwala analandira kemo ndi 45 Gy, kenako opaleshoni. Mwa omwe anachotsedwa phapo lonse, pafupifupi 26 peresenti anamwalira chifukwa cha chithandizocho, pomwe mwa omwe anachotsedwa lobe imodzi anali pafupifupi 1 peresenti. Ndipotu mlingo unali wocheperapo kuposa wa bambo wanuyu.

Chenjezo lina: sikani ya PET, yomwe imaonetsa khansa ngati malo owala, imanama pa mnofu wowotchedwa. Kutupa kumawala ngati khansa kwa miyezi ingapo, ndipo chipsera cha SBRT (radiyeshoni yamphamvu yolunjika pamalo ochepa) chimatha kuoneka ngati chotupa chomwe chikukula. Musachotse lobe ya munthu chifukwa cha chithunzi chokha ngati pali njira yotengera kanyama kokayeza. Timwanabere ta pakati pa chifuwa tiyezedwenso ndi EBUS (kutenga kanyama kudzera m'njira ya mpweya mothandizidwa ndi sikani), ndipo MRI ya ubongo isadumphidwe. Funsaninso za durvalumab, mtundu wa mankhwala wothandiza chitetezo cha m'thupi kulimbana ndi khansa. Chiyambire zotsatira za kafukufuku wa PACIFIC mu 2017, odwala ambiri otere amaulandira mpaka miyezi 12, ndipo umatha kutupitsa mapapo kapena kusokoneza chithokomiro ndi adrenal (tiziwalo ta pamwamba pa impso). Ena amakhala akumwabe masteroid, omwe amachedwetsa kupola.

Kwa mayiwa musaiwale mtima. Kafukufuku wa Darby wa mu 2013 anapeza kuti ngozi ya matenda aakulu a mitsempha ya mtima imakwera ndi 7.4 peresenti pa Gy iliyonse yomwe mtima walandira. Mavalavu ndi thumba la mtima nazo zimatha kuuma patapita zaka zambiri. Echo (sikani ya mtima) ndi yofunika ngakhale wodwala anene kuti sakumva kalikonse, makamaka ngati analandiranso doxorubicin kapena trastuzumab, mankhwala a khansa omwe amatha kufooketsa mtima.

Wogonetsa_Odwala

Nditengeko mbali ya masamu, chifukwa ndi pomwe mawu oti "wodwala wa chiopsezo" amapeza tanthauzo.

Mapapo timawawerenga kuti ali ndi timagawo 19. Lobe yapamwamba yakumanzere ili ndi 5, kuphatikiza lingula, kachigawo kake kakumunsi. Mukaichotsa patsala 14 mwa 19. Ndiye FEV1 ya 62 itsika kufika pafupifupi 46, DLCO ya 51 ifika pafupifupi 38. Malangizo a mu 2013 a ACCP, bungwe la madokotala a chifuwa la ku America, amati nambala ziwirizi, zoyembekezereka pambuyo pa opaleshoni, zikapitirira 60, pitirirani. Imodzi ikakhala pakati pa 30 ndi 60, wodwala ayesedwe kukwera masitepe kapena kuyenda. Akakwera mamita 22 kapena kuyenda mamita 400 pa shuttle walk (kuyenda kupita ndi kubwerera, liwiro likuonjezereka), ali bwino. Akalephera, kapena nambala ikakhala pansi pa 30, apite ku CPET, komwe amayeza mtima ndi mapapo munthu akuchita masewera olimbitsa thupi. Kumeneko VO2 max (okosijeni wochuluka kwambiri yemwe thupi lingagwiritse ntchito) yochepera 10 ml pa kilogalamu pa mphindi ndi chizindikiro cha ngozi yaikulu, yopitirira 20 ndi yolimbikitsa. Mayiwa ali pakati, ndiye masitepe akuwadikira.

Pa odwala owotchedwa, DLCO ndi yomwe imanena zoona kuposa FEV1, chifukwa cheza chimawononga pomwe mpweya umalowera m'magazi pomwe njira za mpweya zikuonekabe zotseguka. Iyezedwe yatsopano, osati ya chaka chatha. Komanso masamu a timagawo 19 amaganiza kuti kagawo kalikonse kakugwira ntchito mofanana, zomwe si zoona pa phapo lachipsera. Sikani yoyeza kayendedwe ka magazi m'mapapo imathandiza apa. Nthawi zina lobe yomwe mukufuna kuchotsayo inafa kale, ndipo wodwala sataya zambiri monga mmene masamu akuopsezera.

Mu thiyeta, timaika chubu cha mabowo awiri n'kutsimikiza malo ake ndi kabronchoscope (kakamera kolowa m'njira ya mpweya), chifukwa chipsera chimakoka ndi kukhotetsa njira za mpweya, ndipo chubu chimatha kukana kukhala pomwe chimayenera. Bronchial blocker, kabaluni kotsekera mpweya kuti usalowe m'phapo limodzi, ikhale pafupi. Phapo lotsala limodzi lija timalipumitsa mofatsa, 4 mpaka 6 ml pa kilogalamu ya sikelo yoyenera msinkhu wa munthuyo, PEEP (mphamvu ya mpweya wotsalira m'phapo kuti lisaphwe) ya pafupifupi 5, okosijeni wochepetsetsa yemwe akusunga wodwala bwino. Kwa amene anadwalapo Hodgkin lymphoma (khansa ya timwanabere) ali wachinyamata, funsani za mankhwala a bleomycin, chifukwa okosijeni wambiri amatha kuvulaza mapapo omwe anakumanapo nawo.

Madzi a m'diripi ndi pomwe anthu amalakwitsa ndi mtima wabwino. BP ikatsika, dzanja limathamangira kutsegula diripi. Koma njira zotulutsira madzi m'phapo lowotchedwa zinatsekeka kale, ndipo timwanabere mwangotichotsanso. Madziwo amangokhala m'phapo. Timayesetsa kuti otsalira m'thupi asapitirire malita 1.5 m'maola 24 oyamba, ndipo BP yotsika chifukwa cha mankhwala ogonetsa timaikweza ndi vasopressor, mankhwala ofinya mitsempha ya magazi. Dziwaninso kuti mpweya wa CO2 womwe a dokotala amapopera m'chifuwa umapanikiza mitsempha yobweza magazi kumtima. Mtima wa thumba louma suupirira bwino. Tiyambe pa 5 mmHg, tizikwera pang'onopang'ono tikuuzana.

Pempho langa kwa a dokotala ndi limodzi. Mukatsala pang'ono kuzungulira mtsempha waukulu, nenani mokweza. Manja a loboti amaphimba wodwala, ndipo ife sitiona zomwe inu mukuona pokhapokha tikuyang'ana sikirini. Mizere iwiri ikuluikulu ya diripi, arterial line (kachubu ka mu mtsempha koyezera BP nthawi yonse) ndi magazi oyezedwa kale zikhale zilipo mpeni usanakhudze khungu.

Dotolo_wa_Chifuwa

A Wophunzira, mwafunsa bwino. Mayiwa ndingawayambe ndi loboti mosakayika kwenikweni. Bambowa ndi nkhani ina, ndipo ndifotokoza chifukwa chake potsatira ndondomeko ya opaleshoniyo.

Choyamba, zomwe loboti imapereka. Pa loboti ya da Vinci Xi muli ndi manja 4, kamera ya 3D yokulitsa mpaka ka 10, ndi zida zopindika ngati mkono wa munthu. Pa phapo lomatirira kunsonga kwa chifuwa, komwe zida zowongoka za VATS (opaleshoni ya kamera yopanda loboti) zimavutika kufika, ubwino wake n'ngoonekeratu. Chimene imakulandani n'kumva kwa zala. Pa makina ambiri omwe akugwira ntchito panopa simumva kulimba kapena kufewa kwa chomwe mwagwira, mumangoweruza ndi maso. Ndipo inu mwakhala patali, simunavale magolovesi. Pa mnofu wabwino zimenezi sizivuta. Pa mtsempha wowotchedwa, womwe kunja n'kolimba ngati chikumba chouma koma khoma lake likung'ambika ngati pepala lonyowa, kusamvako kumatha kupha munthu.

Polowa, bowo loyamba lisabooledwe mwakhungu. Sankhani malo akutali ndi pomwe panawotchedwa, tsegulani pang'ono, lowetsani chala kuti mumve ngati phapo lamatirira. Ngati lamatirira, yambani ndi kamera ya m'manja, mumatule kokwanira kuti mabowo enawo aboledwe mukuona. Ambiri timawaika mumpata wa nthiti wa 7 kapena 8, motalikirana masentimita 8 kapena 9, a mamilimita 8 a zida ndi a 12 a sitepula, kuonjezapo bowo la wothandizira chakumunsi. CO2 pa 5 mpaka 8 mmHg imathandiza kukankha phapo ndi kuonetsa mzere woti mudule. Kunsonga samalani mitsempha ya subclavian (ya pansi pa fupa la m'khosi) ndi minyewa yopita kumkono. Kutsogolo pezani msanga phrenic, mnyewa woyendetsa mnofu wopumira, chifukwa m'chipsera imabisala ngati ulusi woyera pa nsalu yoyera. Mzere pakati pa phapo ndi chikutiro ukasowa, musang'ambe phapo. Tulukani kunja kwa chikutiro, muchichotsere limodzi.

Musanapite kutsinde, ganizirani chomwe mudzaphimbire chitsa cha bronchus. Mnofu wa pakati pa nthiti umatengedwa kumayambiriro, usanaphwanyidwe ndi zida. Mafuta a pa thumba la mtima nawo amagwira ntchito. Lamulo n'lakuti chophimbiracho chichokere kunja kwa malo owotchedwa, apo ayi mwangophimba chilonda ndi chilonda chinzake. Kwa mayiwa, zonse za kutsogolo kumanzere n'zokayikitsa, ndipo funsani ngati latissimus, mnofu waukulu wa kumsana, inagwiritsidwa kale ntchito pokonzanso bere. Utoto wa ICG, wobayidwa m'magazi n'kuwala pa kamera ya loboti yotchedwa Firefly, umakuonetsani ngati magazi akufikadi kunsonga kwa mnofuwo.

Tsopano pomwe mwafunsa, pomwe zinthu zimasokonekera. Mtsempha wa pulmonary artery, wopititsa magazi kumapapo kuchokera kumtima, uli ndi kachikutiro kopyapyala. Pa munthu wosawotchedwa mumalowa pansi pake, mtsempha n'kumasuka wokha. Radiyeshoni imafafaniza kampata kameneko. Timwanabere timauma n'kumatirira mtsempha ndi bronchus pamodzi, zitatuzo n'kukhala ngati chinthu chimodzi. Amene azolowera kutanula ndi nsonga ya chida kuti njira itseguke, apa amang'amba pomwe nthambi ikutuluka mu mtsempha waukulu. Choncho mukaona tsinde loyera ndi lolimba, musayambe ndi nthambi. Tsegulani thumba la mtima motsatira phrenic osaikhudza, pezani mtsempha waukulu pomwe cheza sichinawononge kwambiri, ndipo muuzunguze ndi tepi yoti mutha kuimanga nthawi iliyonse. Kumanja, kudula mtsempha wa azygos kumatsegula malo. Kumanzere, lobe yapamwamba ili ndi nthambi zazifupi zingapo, ndipo yoyambayo ndi yomwe imang'ambika kawirikawiri munthu akakoka lobe mwamphamvu. Dzanja lachinayi la loboti lomwe lagwira phapo limaiwalika mosavuta chifukwa silioneka pa sikirini, koma likukokabe.

Dulani ndi sizasi kapena bipolar (chida chowotchera ndi magetsi) yotsika mphamvu, pang'onopang'ono. Sitepula isakakamizidwe. Ikakana kudutsa kuseri kwa mtsempha, ndiye kuti njira sinakwane, bwererani mukamasule. Kamwanabere kakakanirira pa mtsempha, pali njira ziwiri: kudula bronchus kaye kuti mtsempha uonekere kuseri, kapena kumanga mtsempha kumtunda ndi kumunsi, kudula kachigawo komatirirako n'kusoka kapena kuikapo chigamba. Mpata wa pakati pa malobe muusiyire kumapeto ndipo muudule ndi sitepula, chifukwa phapo lowotchedwa likachucha mpweya limachedwa kutseka.

Magazi akatuluka, chinthu choyamba n'kupanikiza. Kagozi kokulunga kazikhala m'chifuwa nthawi yonse, pafupi ndi dzanja lanu. Kanikizani pamalopo, mugwire mphindi 5 mpaka 7 mukuyang'ana wotchi. Musaponye kilipu m'dziwe la magazi, ndipo wothandizira asayamwe mwamphamvu, chifukwa akachotsa CO2 phapo limafufuma n'kutseka maso anu. M'mphindi zimenezo wogonetsa akonzeke, magazi abwere, zida zotsegulira chifuwa zikhale zotsegulidwa ndi zowerengedwa kale. Mukaganiza zotsegula, dzanja lomwe lapanikiza ndi kamera zitsale mpaka wothandizira atalanda ntchitoyo ndi gozi wa pandodo, enawo achotsedwe. Gulu lonse liyeserere zimenezi pasadakhale. Tsiku la ngozi si loti munthu azifunsa batani lomasulira dzanja lili pati.

Bronchus ndi ngozi yomwe imabwera mochedwa. Imadya kuchokera ku timitsempha tating'ono toyenda pakhoma pake, tomwe radiyeshoni inatichepetsa kale. Mukaisenda mpaka kuyera pofuna kuchotsa timwanabere tonse, kapena kuiwotcha ndi magetsi, chitsa chimafa patapita masiku. Siyani mnofu woizungulira. Chitsa chikhale chachifupi kuti mamina asamaunjikane. Gwiritsani katiriji ya sitepula yobiriwira kapena yakuda (ya mnofu wokhuthala), ndipo ipatseni nthawi yofinya isanawombe. Khoma likakhala lokhuthala moti sitepula ikukana kutseka, dulani ndi mpeni n'kusoka ndi ulusi wosungunuka wa 4-0. Mphepete mwake mupite kukayezedwa pomwepo wodwala ali chigonere. Kenako thirani madzi, wogonetsa akweze mpweya kufika 25 mpaka 30 cmH2O, muyang'ane thovu. Mukatero phimbani.

Kwa mayiwa pali funso la kuchotsa timagawo 3 tapamwamba n'kusiya lingula, zomwe zingasiye DLCO pafupifupi 43 m'malo mwa 38. Koma kumbukirani kuti kafukufuku wa JCOG0802 ndi wa CALGB 140503, oyerekeza kuchotsa gawo la lobe ndi kuchotsa lobe yonse, anaona zotupa zosapitirira masentimita 2, ndipo ichi n'cha 2.8. Komanso lingula ili kutsogolo, pomwe cheza cha bere chimadutsa. Yang'anani CT bwinobwino, mwina mukuvutikira kusunga kagawo komwe sikapumanso.

Mpeni_Wakale

Anzanga a Dotolo afotokoza bwino, ndipo pa mayiwa sinditsutsa. Pa bambowa ndiye ndikusiyana nawo pang'ono, kapena ndinene kuti ndikufika msanga pomwe iwo akulowera. Chotupa chapakati, 60 Gy pa tsinde, miyezi 14: chifuwa chimenechi chitsegulidwe kuyambira pachiyambi, pokhapokha gulu lonse litazolowera kusoka mitsempha ndi bronchus pa loboti, osati dokotala yekha. Wothandizira amene waima pambali pa wodwala ndi amene amagwira moyo wake m'mphindi zoyamba za ngozi. Ngati sangathe kutsegula chifuwa payekha, loboti isayandikire wodwala ameneyu.

Tinenenso zoona pa umboni. Zolembedwa za opaleshoni yopulumutsa pambuyo pa radiyeshoni yathunthu n'zochokera ku magulu ang'onoang'ono a odwala osankhidwa bwino, m'zipatala zomwe zimachita zambiri. Zimasonyeza kuti n'zotheka. Sizisonyeza kuti loboti iposa kutsegula pa tsinde lowotchedwa. Kafukufuku wa VIOLET anayerekeza VATS ndi kutsegula pa khansa yongoyamba kumene, osati pa chifuwa chonga ichi. Komanso lobe yapamwamba ikachoka, phapo lotsala lachipsera silifufuma kudzaza mpata wakunsonga. Mpata wotsala pamodzi ndi mpweya wochucha ndi chiyambi cha mafinya. Mukafuna serratus (mnofu wa m'mbali mwa chifuwa) kapena latissimus kuti mudzaze mpatawo, bala lalikulu mulidulabe.

Ngati mwayamba ndi loboti, gwirizanani musanayambe kuti mudzatsegula pakachitika chiyani. Kwa ine, tepi ikakana kuzungulira mtsempha waukulu, kapena mphindi 20 zikatha pamalo amodzi osasuntha, basi. Kutsegula mwakufuna kwanu magazi asanatuluke kumasiyana kutali ndi kutsegula mukuthamanga.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi kukambirana ndi wodwala. Pa bambowa, lobe imatha kusanduka phapo lonse lakumanja mukangoona mkati. Chitsa cha bronchus yakumanja ndi chomwe chimabooka kwambiri, chifukwa chimakhala poyera osabisika pansi pa aorta (mtsempha waukulu wochokera kumtima) ngati chakumanzere, ndipo nthawi zambiri chimadyetsedwa ndi kamtsempha kamodzi kokha. Werengerani pasadakhale ngati angapirire kutaya phapo lonse. Ngati sangapirire, adziwe asanagone kuti mutha kutseka osachotsa kanthu. Ngati sleeve (kudula kachigawo ka bronchus n'kulumikizanso mbali zotsalazo) ingapulumutse malobe awiri akumunsi, ndi yabwino kuposa kuchotsa lonse, bola msoko wake ukulungidwe ndi mnofu wamoyo. Ndipo njira zina, monga kuwotchanso kapena mankhwala, ziikidwe patebulo pa msonkhano wa madokotala onse, wodwala azimve zonse.

Wophunzira_Chifuwa

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndaphunzira zambiri. Chatsala chimodzi. Opaleshoni yatha bwino, thovu silinaoneke, wodwala wapita ku wodi ndi mabala ang'onoang'ono. Ndi zizindikiro ziti zomwe siziyenera kudikira mpaka m'mawa?

Namwino_wa_ICU

Mabala ang'onoang'onowo ndi omwe amapusitsa anthu. Kunja wodwala amaoneka ngati wachitidwa zochepa, koma mkati ntchito yake ndi yaikulu ndipo mnofu wake upola mochedwa.

M'masiku 4 oyamba yang'anirani kapumidwe. Wodwala amene dzulo amakwanira ndi malita 2 a okosijeni, lero akufuna 4, akupuma mofulumira ndipo sakukhazikika, asapatsidwe mankhwala ogonetsa n'kusiyidwa. Ajambulidwe pomwepo. Mthunzi ukaoneka m'phapo lomwe silinachitidwe opaleshoni, kuli kotheka kuti mapapo ayamba kuvulala, ndipo zimathamanga. Werengani madzi olowa ndi otuluka molondola. Mkodzo ukachepa pang'ono, a dokotala adziwe kaye wina asanathire lita yonse.

Tsiku la 2 ndi la 3 ndi pomwe mtima umakonda kusokonekera kagundidwe, makamaka thumba lake likatsegulidwa. Yezani potassium ndi magnesium, koma fufuzaninso choyambitsa, chifukwa nthawi zina ndi chizindikiro choyamba cha chibayo kapena mafinya.

Mvetserani mawu a wodwala akangodzuka. Akasasa ndipo chifuwa chake chikutuluka chopanda mphamvu, makamaka pambuyo pa opaleshoni yakumanzere, mwina mnyewa wa kholingo wavulala pochotsa timwanabere pansi pa aorta. Ameneyo asamwe kapena kudya mpaka kamezedwe kake kayezedwe, chifukwa chakudya chikalowa m'phapo lotsala sangakhale ndi mphamvu zolimbana nacho.

Yang'ananinso botolo la chubu cha m'chifuwa wodwala akayamba kudya. Madzi akasanduka oyera ngati mkaka, atumizeni kukayezedwa. Triglyceride (mtundu wa mafuta) yopitirira 110 mg pa dL imatsimikiza kuti njira ya mafuta yabooka. Ochepa amasiya ndi zakudya zopanda mafuta, koma opitirira lita imodzi pa tsiku nthawi zambiri amafuna kubwerera ku thiyeta. Mpweya wochucha kupitirira masiku 5 timautcha wokhalitsa, ndipo pa phapo lowotchedwa si zachilendo. Chodetsa nkhawa ndi thovu lomwe linachepa kenako n'kuchuluka mwadzidzidzi.

Kubooka kwa chitsa kumabwera mitundu iwiri. Kwa m'sabata yoyamba nthawi zambiri ndi msoko womwe walephera. Kobwera chifukwa chosowa magazi kumaoneka kuyambira sabata yachiwiri, ngakhale patapita miyezi, wodwala ali kale kunyumba. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, khungu la pachifuwa ndi m'khosi lofufuma lomwe likulira ngati mukuponda masamba ouma mukalikhudza, ndi kutsokomola madzi ambiri opyapyala ofiirira, makamaka akagonera mbali yabwino. Kwa wochotsedwa phapo lonse, mzere wa madzi pa X-ray umatsika m'malo mokwera. Zikatero mugonekeni chotsamira, mbali yochitidwa opaleshoni ikhale pansi kuti madziwo asasefukire m'phapo labwino, mupatseni okosijeni ndipo itanani a dokotala nthawi yomweyo kuti aike chubu, ayambe maantibayotiki ndi kuyang'ana ndi bronchoscope.

Kamagazi kofiira kwambiri m'makhololo pambuyo pa sabata yoyamba, ngakhale kadzadze supuni yaing'ono yokha, kasaonedwe mopepuka, makamaka pomwe panasokedwa bronchus moyandikana ndi mtsempha. Nthawi zina ndi chenjezo loti khoma la pakati pa ziwirizo likudyeka, ndipo magazi ambiri amatsatira m'maola kapena masiku ochepa. Wodwala ndi womusamalira auzidwe zimenezi momveka asanatuluke, zilembedwe papepala pamodzi ndi nambala yoti aimbe usiku, ndipo tsiku lobwera kudzajambulidwanso likhale mkati mwa masabata awiri.